Kodi Boti Laliwiro la Panyanja Yaikulu Lifunika Chipinda? Kuyerekeza Njira Zinayi

Munthu amene watsala pang'ono kugula boti laliwiro loyenda panyanja yaikulu, la mtundu uja wautali ndi wowonda umene umapitirira makilomita 120 pa ola, ayenera kusankha chimene chidzakhale pansi pa denga lakutsogolo kwa botilo. Pangathe kukhala popanda kanthu, pangathe kukhala matiresi ndi chimbudzi chonyamula, kapena pangakhale chipinda chenicheni chokhala ndi khitchini, shawa, firiji ndi makina oziziritsira mpweya. Palinso njira yachinayi, ya boti la chiwongolero pakati lokhala ndi kachipinda ka chimbudzi pansi pake. Ambiri amathera masabata akukambirana za injini, kenako nkhani ya chipinda n'kuidula m'mphindi zisanu ali padoko boti litaima phee, chonsecho nkhani imeneyi ndi imene idzawadyere ndalama ndi nthawi kwa zaka zonse zimene adzakhale ndi botilo.

Mkangano umenewu si wa lero. Pamene Sir Max Aitken anayambitsa mpikisano wochokera ku Cowes kupita ku Torquay ku England mu 1961, cholinga chake chinali choti maboti okhala ndi zipinda, amene banja lingayendere ulendo, ayesedwe pamafunde enieni. Mu 1960, Dick Bertram anali atapambana mpikisano wochokera ku Miami ku United States kupita ku Nassau ku zilumba za Bahamas ndi boti lotchedwa Moppie, limene Ray Hunt analikonza ndi mimba yosongoka ngati chilembo cha V kuti izing'amba mafunde m'malo mowamenya. Kapangidwe kameneka katasonyeza kuti boti lingathamange ngakhale nyanja itakalipa, anthu monga Don Aronow wa ku Miami, amene anayambitsa makampani a Formula, Donzi, Magnum ndi Cigarette, anayamba kuwondetsa maboti ndi kuchotsamo zolemera. Kuyambira pamenepo chipinda chakhala chikukula ndi kuchepa m'maboti amenewa malinga ndi zimene ogula akufuna.

Mfundo zoyenera kuziyeza poyamba

Mfundo yoyamba ndi kulemera. Okonza maboti amagwiritsabe ntchito masamu a George Crouch poyerekeza liwiro la boti lotsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo masamuwo amasonyeza kuti kulemera kukawonjezeka ndi 10 peresenti, liwiro limatsika ndi pafupifupi 5 peresenti. Tiyerekeze boti lolemera makilogalamu 4,500 limene limafika makilomita 130 pa ola. Mukaliwonjezera makilogalamu 450, lidzafika pafupifupi 124. Makilogalamu amenewa sachedwa kukwana, chifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya madzi ya malita 100 yatenga kale makilogalamu 100 musanaikemo jenereta, mabatire, makabati, thanki ya zonyansa za m'chimbudzi ndi mapaipi ake. Kwa munthu wa mpikisano, makilomita 6 pa ola ndi nkhani yaikulu zedi, popeza kuti awabweze ayenera kuwonjezera mphamvu ya injini ndi 10 peresenti yomweyo. Munthu amene amayenda makilomita 80 pa ola tsiku lonse sadzaona kusiyana pa liwiro, koma adzakuona pothira mafuta.

Mfundo yachiwiri, imene ine ndimaiona yofunika kuposa yoyamba, ndi malo amene kulemerako kwakhala. Injini zimakhala kumbuyo, anthu amakhala pakati cha kumbuyo, ndipo chipinda chimatsala kutsogolo, kumene boti limakwera ndi kugwa mwamphamvu likamadutsa mafunde. N'chifukwa chake oyendetsa maboti amenewa amaima cha kumbuyo, atatsamira mipando yowagwira m'nthiti, mawondo atapinda pang'ono. Palibe amene amakhala m'chipinda boti likuthamanga panyanja yolusa, ndipo amene anayesapo sabwereza. Zimenezi zikutanthauza kuti chipinda chimagwira ntchito boti litaima basi, pomwe chilichonse chimene chili mkatimo chimagwedezeka nthawi yonse imene boti likuyenda. Komanso maboti ambiri amakono ali ndi masitepe kunsi kwa mimba, amene amalowetsa mpweya pansi pa boti kuti lisakhudzane kwambiri ndi madzi, ndipo maboti oterewa amasintha khalidwe pokhota ngati katundu wachuluka mbali imene wolikonza sanaiganizire.

Mfundo yachitatu ndi funso lofuna kuyankha moona mtima: chaka chatha munagona m'boti masiku angati, ndipo amene mumakwera nawo ndi ndani? Amene amayenda ndi anzake awiri kwa maola atatu safuna zofanana ndi amene amatenga ana ndi makolo okalamba tsiku lonse. Kawirikawiri chimene okwera amadandaula si kusowa kwa bedi ayi, koma kusowa kwa chimbudzi, mthunzi ndi malo ouma oikamo zovala. Njira zinayi zotsatirazi taziyeza pa mtengo, kupezeka, kasamalidwe ndi zoopsa.

Njira yoyamba: boti lopanda chipinda

Ambiri mwa maboti amenewa ndi a mimba ziwiri, otchedwa catamaran, monga amene amapanga a Skater ku Michigan ndi a MTI ku Missouri. Pakati pa mimba ziwirizo pamadutsa mpweya umene umanyamula boti, ndipo mimba iliyonse ndi yowonda moti malo oikamo chipinda chenicheni palibe. Alipo ena a mimba ya V amene mwiniwake anasankha kuti kutsogolo kusiyidwe kopanda kanthu.

Mtengo. Musaganize kuti kuchotsa chipinda kutsitsa mtengo, chifukwa ndalama zimene zikanagula makabati zimapita ku zipangizo zopepuka koma zolimba monga carbon fiber ndi epoxy, komanso ku injini zamphamvu monga za 1350 horsepower za Mercury Racing. Inshuwalansi ya maboti othamanga choncho ndi yodula, ndipo makampani ena amafuna kuti woyendetsa akhale atachita maphunziro apadera. Ulendo uliwonse wogona kumene mwapita umafuna hotelo.

Kupezeka. Atsopano amapangidwa ndi makampani ang'onoang'ono munthu akaitanitsa, ndipo pamakhala kudikira miyezi yambiri. Palinso nkhani ya msewu: m'madera ambiri a ku United States katundu wokokedwa ndi galimoto pa ngolo popanda chilolezo chapadera sayenera kupitirira mamita 2.59 m'lifupi, ndipo ma catamaran akuluakulu amapitirira, choncho amafuna chilolezo kapena ngolo yopendeketsa boti.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene njira imeneyi imapambana zonse. Mukatsegula chitseko chakutsogolo n'kuunika ndi tochi, mumaona nthiti zonse za boti ndi malo amene zinalumikizidwa, moti mng'alu mumaupeza usanakule. Palibe nsalu yobisa chinyezi, palibenso mapaipi oti adonthe.

Zoopsa. Mvula ikagwa kapena mphezi zikayamba, kothawira kulibe, ndipo munthu akadwala chifukwa cha dzuwa mulibe pomugoneka. Catamaran ingathenso kunyamuka mphuno n'kugudubuzika chagada mpweya ukachuluka pansi pake. Maboti a mpikisano waukulu ali ndi denga lolimba lotsekera woyendetsa ndi mnzake wowonjezera ndi kuchepetsa mphamvu ya injini, ndipo madenga oterewa anafala pambuyo pa ngozi zingapo, kuphatikizapo imene inapha katswiri wa mpikisano wa maboti Stefano Casiraghi pafupi ndi Monaco mu 1990. Denga limeneli ndi chida chopulumutsira moyo, si chipinda, choncho musalisokoneze ndi nkhani yathuyi.

Njira yachiwiri: chipinda chaching'ono

Ichi ndi chimene chinali m'maboti ambiri a mimba ya V kuyambira m'ma 1980, monga Cigarette 38 Top Gun ndi anzake a Fountain, Donzi, Baja ndi Formula. Mumalowa mutawerama, n'kupeza mipando iwiri yoyang'anana, bedi losongoka kutsogolo, chimbudzi chonyamula chobisika pansi pa khushoni, bokosi la ayezi ndipo mwina kasinki. Mutu umagunda denga mukafuna kuimirira.

Mtengo. Zimene zimawonjezeka pa mtengo wa boti ndi zochepa mukayerekeza ndi injini, ndipo kulemera kwake n'kochepanso ngati zipangizo zili zopepuka. Pogulitsa, boti lokhala ndi kachipinda kaukhondo limakopa anthu ambiri kuposa lopanda kanthu, chifukwa wogula nthawi zambiri amabwera ndi banja lake, ndipo funso loyamba la banjalo limakhala la chimbudzi.

Kupezeka. Maboti ogwiritsidwapo kale ntchito a mtundu umenewu ndi ambiri kuposa ena onse, ndipo ambiri ndi owonda mokwanira kukokedwa pa ngolo popanda chilolezo. Atsopano achepa, popeza makampani ambiri anatembenukira ku njira yachinayi.

Kasamalidwe. Mdani wamkulu ndi chinyezi. Aliyense amene anatsegulapo chipinda chimene chakhala chotseka masabata atatu m'nyengo yotentha amadziwa fungo limene limamulandira pakhomo. Mukanyamula matiresi mumapeza madontho akuda a nkhungu kunsi kwake, nsalu ya kudenga yamatuka pakona n'kulendewera chifukwa guluu wafooka ndi kutentha, ndipo zipi ya khushoni yagwira ndi mchere moti siyenda. Mankhwala ake si odula koma ndi otopetsa: kutulutsa makhushoni boti likapuma, kusiya mpata woti mpweya uzidutsa, kukhuthula chimbudzi tsiku lomwelo, ndi kuunika mphira wa chitseko chapadenga. Chitseko chimenechi chikamadontha, madzi amalowa mu mtengo wa balsa umene makampani ambiri anaika pakati pa zigawo za fiberglass, ndipo balsa akawola denga limafewa. Wogula boti lakale ayende padengapo opanda nsapato, akumvetsera ndi mapazi malo amene akubonyoka.

Zoopsa. Kachipindaka kamasanduka nkhokwe, ndipo anthu amaponyamo nangula wachiwiri, bokosi la zida ndi makatoni a zakumwa osamanga. Boti likagwa pa funde loyamba zonsezi zimauluka n'kuswa zimene zakumana nazo. Choopsa china ndi kulola ana kukagona mkatimo boti likuyenda, poganiza kuti n'kotetezeka chifukwa n'kotsekeka, pomwe kumeneko ndi kumene kumamenyeka kwambiri.

Njira yachitatu: chipinda chathunthu

Apa tikunena chipinda choimirira munthu, chokhala ndi bafa lotsekeka, madzi otentha, firiji, chophikira cha magetsi, makina oziziritsira mpweya ndi jenereta yoyendetsa zonsezi. Kampani ya Magnum inatsata njira imeneyi banja la Theodoli litaigula mu 1976, ndipo makampani monga Sunseeker ndi Formula ali ndi maboti amene amaphatikiza liwiro ndi zipinda zotere.

Mtengo. Ndi wokwera kawiri: mumalipira zipangizozo, kenako mumalipira mphamvu yozinyamula. Injini ya petulo ikatsegulidwa mafuta onse imamwa pafupifupi malita 38 pa ola pa 100 horsepower iliyonse, choncho injini ziwiri za 500 horsepower zimamwa pafupifupi malita 380 pa ola. Boti likalemera, liwiro limene kale linkafuna theka la mafuta limayamba kufuna ochulukirapo, ndipo mtunda umene mungayende pa thanki imodzi umafupika. Pali chifukwa china chimene chinachititsa kuti zipinda zichuluke m'maboti a ku United States, chimene ogulitsa sachitchula kawirikawiri: malamulo a msonkho kumeneko amalola kuti boti lokhala ndi malo ogona, ophikira ndi chimbudzi liwerengedwe ngati nyumba yachiwiri, moti chiwongoladzanja cha ngongole yake chingachotsedwe powerengera msonkho. Chophikira china chimene mungachipeze m'boti lakale chisanayatsidwepo chinaikidwa pa chifukwa chimenechi.

Kupezeka. Maboti oterewa alipo ambiri, atsopano ndi akale omwe, koma ambiri ndi otakata ndi olemera moti amakhala padoko osati pa ngolo, ndipo malo padoko amalipiridwa malinga ndi kutalika kwa boti. Zipangizo zake sizivuta kupeza chifukwa ndi zomwezo zimene zili m'maboti oyenda pang'onopang'ono, ndipo vuto lagona pomwepo, popeza zambiri sizinakonzedwe kuti zizimenyedwa pamafunde pa liwiro la makilomita 100 pa ola.

Kasamalidwe. Chilichonse chimene mwawonjezera chimabwera ndi ntchito yake. Makina oziziritsira mpweya amakoka madzi a m'nyanja kudzera pa bowo la pamimba ya boti, ndipo sefa yake imatsekeka ndi udzu wa m'nyanja ndi tizigoba. Jenereta ili ndi bowo lakelake, oilo wake ndi kamphira kopopa madzi kamene kamaphwanyika kakayenda kouma. Mapaipi a chimbudzi akakalamba amayamba kutulutsa fungo ngakhale asanabooke, ndipo kuwasintha kumafuna kuchotsa makabati amene anamatidwa denga lisanaikidwe. M'madera ozizira, madzi onse a m'mapaipi ayenera kuchotsedwa chisanu chisanafike kuopa kuti angaundane n'kuwaphulitsa. Onjezani apo zitseko za makabati zimene zimatseguka zokha, zomangira zimene zimamasuka, ndi mawaya amene amakhuzika pa fiberglass mpaka kutha khungu. Ku United States n'koletsedwa kutaya zonyansa za m'chimbudzi zosathira mankhwala m'madzi a mkati mwa dziko ndi m'kati mwa mamailosi atatu a panyanja kuchokera kugombe, choncho thanki yake iyenera kupopedwa padoko. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti makoma ndi makapeti amabisa nthiti za boti, moti malo amene alekana amadziwika pokhapokha kabati ikayamba kusuntha.

Zoopsa. Yoyamba ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo wapha anthu amene anagona jenereta ikulira usiku kuti chipinda chizizire. Utsiwo ungalowe kudzera pa paipi yong'ambika, pa windo lotsegula, ngakhalenso kuchokera ku boti limene lakocheza pambali panu. Chipinda chilichonse chogona chiyenera kukhala ndi kachipangizo kochenjeza za mpweyawu, ndipo kachipangizoka kamatha mphamvu pakapita zaka, choncho onani deti limene linalembedwa kumbuyo kwake. Yachiwiri ndi nthunzi ya petulo, imene ndi yolemera kuposa mpweya ndipo imakhazikika pansi pa boti. N'chifukwa chake pamalembedwa kuti fani yotulutsa mpweya m'chipinda cha injini iyende mphindi zinayi musanalize injini, ndipo lamulo lomweli likhudza jenereta. Bowo lililonse la pamimba ndi njira ina imene madzi angalowere. Masiku ano ena akuchotsa jenereta n'kuika mabatire a lithium oyendetsa makina oziziritsira mpweya kwa maola angapo, zimene zimachotsa vuto la utsi, koma mabatirewo amafuna kumangidwa molimba ndi kulumikizidwa ndi munthu wodziwa.

Njira yachinayi: chiwongolero pakati, chimbudzi pansi pake

Boti la center console lili ndi malo oyendetsera pakati, denga la mthunzi pamwamba, mipando kuzungulira, ndi kachipinda pansi pa chiwongolero momwe muli chimbudzi ndipo mwina kabedi. Poyamba linali la asodzi, koma injini zopachika kumbuyo zitakula mphamvu, monga 450R imene Mercury Racing inatulutsa mu 2019, makampani monga Nor-Tech, MTI ndi Cigarette anayamba kupanga aliwiro okhala ndi injini zinayi, zisanu ngakhale zisanu ndi imodzi.

Mtengo. Atsopano ndi odula kwambiri, ndipo gawo lalikulu la mtengowo ndi injini zambirizo. Popeza anthu ambiri akuwafuna, savuta kugulitsa.

Kupezeka. Pa maboti atsopano, uku ndi kumene kuli mitundu yambiri yosankhapo, ndipo amakaniko odziwa injini zopachika ndi osavuta kupeza kuposa odziwa injini za mpikisano za mkati.

Kasamalidwe. Kachipindaka nthawi zambiri kamakhala ka fiberglass yosalala imene mungaitsuke ndi madzi, ndipo kali pakati pa boti pamene sipamenyeka ngati kutsogolo. Koma mipando yonse ili padzuwa ndi pamchere, choncho imafuna zophimba, ndipo injini iliyonse ili ndi nthawi yake yosinthira oilo.

Zoopsa. Boti ndi lalitali ndipo denga lake limagwira mphepo, choncho pa mphamvu yofanana silingathamange ngati la denga lathyathyathya. Mipando yakutsogolo imakopa alendo, ndipo kumeneko n'kumene anthu amavulala msana boti likagwa pa funde. Woyendetsa ayenera kuwabweza kumbuyo asanawonjezere liwiro, ngakhale zitaoneka ngati nkhanza.

Njira iti iyenera ndani

Munthu amene cholinga chake ndi liwiro lenileni, amene amapita ku mipikisano monga Lake of the Ozarks Shootout kapena ku ma poker run, maulendo a maboti ambiri oima m'malo osiyanasiyana, kumene tsiku limathera pa hotelo, asankhe boti lopanda chipinda, ndipo ndalama zimene zikanagula makabati alipirire maphunziro oyendetsa, majekete opulumutsira moyo ndi inshuwalansi. Amene akufuna boti la mimba ya V lokoka pa ngolo, loyenda ndi banja tsiku lonse ndi kugonamo kamodzi kapena kawiri pachaka, chipinda chaching'ono chimukwanira, bola alole kuti ntchito yoyanika makhushoni ndi yake. Kwa ogula ambiri ine ndingaloze njira imeneyi, makamaka amene akugula boti lakale, chifukwa ili ndi chimbudzi ndi pobisalira mvula popanda jenereta ndi mabowo owonjezera.

Chipinda chathunthu chiyenera munthu amene amawolokadi nyanja, monga kuchokera ku Florida kupita ku zilumba za Bahamas, n'kukagona pa nangula masiku angapo kumene kulibe hotelo. Munthu ameneyu aganizire boti lalikulupo, mwinanso la injini za dizilo, limene linakonzedwa kuyambira pachiyambi kuti linyamule katunduyo, m'malo mopanikiza jenereta ndi shawa m'boti lowonda limene wolikonza ankafuna likhale lopepuka. Amene amatenga anthu khumi kukasambira masana n'kubwerera madzulo, center console imupatsa mthunzi, chimbudzi ndi malo oyendamo, malinga avomereze kuti catamaran idzamupitirira.

Amene ali kale ndi boti la chipinda chathunthu koma sagonamo angathe kuchotsa jenereta, thanki yotenthetsera madzi ndi chophikira, n'kuyenda ndi thanki ya madzi yopanda kanthu. Mabowo amene atsala pamimba atsekedwe ndi fiberglass ndi munthu wodziwa, boti liyesedwe pang'onopang'ono pamadzi abata popeza kulemera kwasamuka, ndipo zimene zachotsedwazo zisungidwe pouma, chifukwa wodzagula botilo mwina adzazifuna.